Ulendo wa ku Sa Pa wosaboola m'thumba

Sa Pa ndi tauni ya m'mapiri kumpoto chakumadzulo kwa Vietnam, m'chigawo cha Lào Cai, kufupi ndi malire a China. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo Afalansa ndi amene anaimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti azithawirako kutentha kwa ku Hanoi, likulu la dzikolo. Tchalitchi chawo chamiyala chilipobe pakati pa tauni. Zithunzi zambiri za minda ya mpunga yokwerana masitepemasitepe zimene mumaona pa Facebook zimajambulidwa kumeneko. Koma mindayo sili m'tauni. M'tauni muli mahotela osanjikiza, fumbi la simenti ndi mitengo ya alendo. Minda ili kumunsi, m'chigwa cha Mường Hoa, ndipo munthu wa ndalama zowerengeka ayenera kutsikirako msanga. Kumene mukagone n'kumene kukagamule ngati ndalama zanu zikwane kapena ayi.

1. Mapepala ndi ndalama

Kuyambira mu Ogasiti 2023, Vietnam imapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse, mpaka masiku 90. Yolowera kamodzi ndi madola 25, yolowera kangapo madola 50. Funsirani pa tsamba la boma lenileni, evisa.gov.vn, chifukwa pali masamba ambiri ofanana nalo amene amangowonjezerapo zawo. Lembani dzina ndendende mmene lilili mu pasipoti, ndipo pasipotiyo ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe. Viza ikabwera isindikizeni pa pepala. Foni imatha moto nthawi imene mukuifunitsitsa.

Kwacha, kaya ya Malawi kapena ya Zambia, kumeneko palibe woisintha. Yambani kusaka madola kudakali nthawi, mukudziwa kale mmene amavutira kupezeka, ndipo sankhani osang'ambika komanso osalembedwa kanthu. Ndalama yawo ndi dong. Dola imodzi imagula ma dong oposa 25,000, choncho tsiku lomwelo mukhala mwini mamiliyoni, koma musatengeke. Msampha uli pa mitundu: ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse n'zabuluu, ndipo usiku, mutatopa, n'kosavuta kupereka yaikulu poganiza kuti ndi yaing'ono. Zazikulu zisungeni m'thumba lina, zing'onozing'ono m'thumba lina.

Ndalama yaikulu ya ulendo wonse ithera pa ndege, ndipo pamenepo palibe matsenga ena kupatula kugula tikiti msanga. Mukatera pa bwalo la Nội Bài, basi nambala 86 imakafika m'katikati mwa Hanoi ndi ku siteshoni ya sitima pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi takisi. Gulani simu khadi. Ya Viettel imagwira bwino m'mapiri. Abale a ku Tete ndi ku Angónia akuidziwa kale kampaniyi, ndi yomwe ija ili kumbuyo kwa Movitel. Ikani Grab, pulogalamu yoitanira takisi, pa foni kuti muziona mtengo wa galimoto kapena njinga yamoto musanakwere. Masoketi awo ndi a mabowo awiri, ndiye tchaja ya mano atatu ifuna adaputa.

2. Sankhani mwezi

Ku Sa Pa mpunga amalima kamodzi pa chaka, ndipo nkhope ya chigwa imatsata mpungawo. Cha mu Meyi minda imadzadzidwa madzi n'kuwokeredwa. Juni mpaka Ogasiti kumabiriwira, koma ndi nthawi ya mvula yamphamvu, matope ndi kugumuka kwa mapiri. Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala mpunga umacha, chigwa chonse chimasanduka chachikasu, alendo amachuluka ndipo mitengo imakwera. Ngakhale Seputembala si wodalirika kotheratu: mu 2024 namondwe wa Yagi anagumula mapiri m'chigawo cha Lào Cai ndipo anthu ambiri anafa. Muzifunsa za nyengo musananyamuke ku Hanoi.

Disembala mpaka Febuluwale kumazizira kodetsa nkhawa. Chiperoni chimatha kugwira masiku angapo osatukula, moti nyumba ya tsidya la msewu simuiona, ndipo zaka zina kumagwa chipale. Malo ogona amatchipa, inde, koma mungalipire ulendo wonsewo kukaona nkhungu. Kwa ine, Marichi mpaka Meyi kapena kumapeto kwa Seputembala ndiye nthawi yabwino.

Chinanso, fikani pakati pa sabata. Lachisanu madzulo anthu a ku Hanoi amakhamukira kumeneko ndipo bedi lomwelo limakwera mtengo. Pewaninso masiku a Tết, chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Matikiti amatha, malo odyera ambiri amatseka.

3. Chikwama

Chikhale chopepuka moti mutha kukwera nacho phiri maola anayi osachitukwana. Katundu wotsala musiye ku nyumba ya alendo ku Hanoi kapena ku Sa Pa. Ambiri amasunga ulere kapena pa kangachepe. Nyamulani juzi lotentha ngakhale m'chilimwe, jekete ya mvula, masokosi ambiri, tochi, mankhwala a m'mimba, ndi majumbo okutira zovala ndi pasipoti. Nsapato zikhale za mano pansi. Ngati mulibe, musagule zodula: m'tauni amabwereketsa jombo za labala, ndipo amayi a kumeneko amayenda ndi zomwezo.

4. Kuchoka ku Hanoi

Njira ndi ziwiri. Msewu waukulu wa Hanoi kupita ku Lào Cai unatsegulidwa mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo basi imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mabasi ambiri ndi ogona: m'malo mwa mipando muli timabedi tosanjikiza. Polowa mumavula nsapato n'kuziika m'jumbo limene kondakitala amakupatsani. Timabedito anapangira anthu aafupi, ndiye ngati ndinu wamtali mawondo adandaula. Pemphani la pansi, chapakati pa basi, chifukwa makilomita omaliza ndi okhotakhota ndipo kumbuyo kumagwedeza m'mimba. Mtengo umakhala cha m'ma dong 300,000 mpaka 450,000.

Sitima ya usiku imatenga maola pafupifupi asanu ndi atatu ndipo imathera m'tauni ya Lào Cai, makilomita oposa 30 kuchokera ku Sa Pa. Gulani tikiti ku siteshoni kapena pa tsamba la njanji, dsvn.vn. Chipinda cha mabedi asanu ndi limodzi n'chotchipa kuposa cha mabedi anayi, ndipo mabogi okongoletsedwa a makampani a alendo amakokedwa ndi injini yomweyo, amafika nthawi yomweyo. Mukatsika m'mawa, oitanira amathamangira aliyense wa chikwama kumsana. Apitirireni mwaulemu, mukwere basi ya aliyense imene imaima panja pa siteshoni. Mukasankha minibasi, mvanani mtengo musanakwere ndipo lipirani mutafika.

Ubwino wa kuyenda usiku, kaya pa basi kaya pa sitima, ndi wakuti mwapulumutsa ndalama ya malo ogona. Basi ya usiku imafika kudakali mdima, ndipo madalaivala ambiri amalola anthu kugona momwemo mpaka kuche.

5. Usiku umodzi m'tauni, basi

Bedi m'chipinda chogona angapo limapezeka cha m'ma 100,000 mpaka 200,000. Funsani zinthu ziwiri musanalipire: madzi otentha, ndi bulangete la magetsi ngati kukuzizira. Gwirani matiresi ndi dzanja, chifukwa chinyezi cha kumeneko chimalowa m'zofunda. Akakupemphani pasipoti musadabwe, lamulo limafuna kuti alembetse mlendo aliyense kupolisi. Ajambule kapena akopere, akubwezereni.

Tsiku limeneli ndi lokonza zinthu. Tapani ndalama pa ATM, chifukwa kumidzi kulibe, ndipo sinthani zina zikhale zing'onozing'ono. Idyani kumene akudya madalaivala ndi ogulitsa pamsika. Chikwangwani cholembedwa "cơm bình dân" ndiye malo anu: mpunga ndi ndiwo zoloza ndi chala, nkhumba, mazira, tofu (ndiwo yopangidwa ndi soya), masamba, pa mtengo wa munthu wamba. Mbale ya phở, msuzi wa nyama wokhala ndi ma noodles a mpunga, m'mawa ndi cha m'ma 40,000 mpaka 60,000. Madzulo m'misewu amawotcha chimanga, mbatata, mazira, nyama ya pa timitengo ndi cơm lam, mpunga wophikidwa m'kati mwa nsungwi. Funsani mtengo wa chilichonse chisanaikidwe pa moto, apo ayi mbale ikhala itadzaza musanadziwe. Malo odyera amene ali ndi zithunzi za pizza pakhomo ndi a anthu a matumba ena.

Mudzi wa Cát Cát uli pafupi, makilomita awiri kapena atatu kutsetsereka, ndipo aliyense akuuzani kuti mupite. Pakhomo pali tikiti yodula, m'kati muli mashopu obwereketsa zovala zojambulitsira. Ndi kokongola ndithu, koma anakukonzera kamera. Ndalamayo isungeni.

6. Pezani wokutsogolerani, mumulipire m'manja

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Midzi yozungulira Sa Pa si ya a Kinh, amene ndi ambiri m'dziko la Vietnam ndipo ndi eni ake a mahotela ochuluka m'tauni. Ndi ya a Hmong, a Dao, a Giáy ndi a Tày, aliyense ndi chilankhulo chake ndi kavalidwe kake. Mukangotsika basi muona amayi a Chihmong atavala zakuda zonyikidwa mu utoto wa indigo, miyendo atakulunga nsalu, dengu kumsana, ena manja atasanduka abuluu ndi utotowo. Ambiri amalankhula Chingerezi chomveka, chimene anaphunzira kwa alendo m'njira, osati m'kalasi. Amayi amenewa ndiwo amadziwa tinjira ta m'minda.

Mukagula ulendo ku ofesi ya ku Hanoi, ndalama imadutsa m'manja angapo isanafike kwa mayi amene ayende nanu tsiku lonse. Mukamvana naye mwachindunji, inu mumalipira zochepa, iye amalandira zambiri. Funsani ku nyumba imene mwagona kapena kwa alendo amene angobwera kumene kuchokera kuchigwa. Ambiri mwa amayiwa ali pa WhatsApp. Musanavomere, mvanani momveka: mtengo ndi wa munthu mmodzi kapena wa gulu, chakudya chamasana chilimo kapena ayi, tikiti yolowera m'chigwa alipira ndani, mugona kunyumba kwake kapena kwina, pobwerera mukwera chiyani. Mukakhala atatu kapena anayi, mtengo wa aliyense umatsika. Nenererani, koma osafika pomufinya munthu amene akukwezeni phiri kenako n'kukuphikirani.

Kodi mutha kuyenda nokha? Mutha, potsata msewu wa magalimoto ndi mapu a pa foni. Koma msewuwo ndi wafumbi, wa malole, ndipo tinjira tabwino timagawikana malo ambiri popanda chizindikiro. Tsiku loyamba lipirani. Lachiwiri mudzakhala mutadziwa chigwa.

7. Kutsika m'chigwa

Njira yodziwika imachoka m'tauni kudzera ku Ý Linh Hồ, kufika ku Lao Chải, mudzi wa a Hmong, kenako ku Tả Van, kwa a Giáy. Ndi makilomita 10 mpaka 12, ambiri otsetsereka. Nyamukani m'mawa.

Mukangoyamba, amayi awiri kapena atatu amene simunapangane nawo ayamba kuyenda pambali panu. Akufunsani dzina, kwanu, ngati muli pabanja, ana angati. Pamalo poterera, pamene mzere wa munda ndi wopapatiza ngati phazi limodzi ndipo kumanzere kuli madzi, kumanja kuli phompho, dzanja laling'ono lolimba likugwirani pamkono. Mayi wa zaka za agogo anu, atavala jombo, mwina mwana ali kumsana, akutsitsani ngati mwana wa mkaka. Wina akulukirani kahatchi ndi udzu ali m'njira. Mukafika podyera masana, madengu atsegulidwa: zikwama zopeta, zibangili, mipango. Alendo ena amakwiya apa, ati anawapusitsa. Palibe chinyengo chilichonse, umu ndi mmene ntchitoyi imayendera ndipo aliyense amadziwa. Ngati simukufuna kugula, nenani poyambirira penipeni, mwaulemu koma mosazengereza, ndipo mawu oti "mwina kenako" musawatchule, chifukwa iwo amawasunga ngati lonjezo. Ngati mwalola kugwiridwa dzanja, gulani kanthu kamodzi kwa amene anakugwiraniyo. Ikani ndalama imeneyi mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Kwa ana musagule, ngakhale akuchondelereni bwanji. Akuluakulu a boma kumeneko amapempha alendo zomwezo, chifukwa mwana amene akubweretsa ndalama pamsewu sapita ku sukulu. Maswiti nawonso ayi.

Munthu wakuda m'midzi imeneyi amayang'anidwa, ndipo ena apempha kujambulitsa nanu kapena kukhudza tsitsi. Nthawi zambiri ndi chidwi chabe. Mukatopa nazo, kupukusa mutu mukumwetulira kumakwanira. Inunso pemphani musanajambule munthu.

Yendani pa mizere, osaponda mpunga. Njati zimene muone zikubwatalala m'matope ndi zoweta, zolimira, koma zipatseni njira. M'nyengo ya mvula, pa udzu wonyowa pamakhala misundu, choncho lowetsani buluku m'masokosi.

8. Kugona kumudzi

Dzina lakuti homestay, kutanthauza kugona pakhomo pa banja, lili pa khomo lililonse ku Tả Van, koma zili mitundu iwiri. Zina ndi timahotela chabe ta anthu ochokera kutauni, tokhala ndi dziwe losambira ndi nyimbo usiku. Zina ndi nyumba zenizeni za matabwa, matiresi atayalidwa m'mwamba pansi pa denga, neti ya udzudzu ndi mabulangete olemera. Zachiwirizi n'zotchipa, ndipo ndi zimene mwadzera. Kawirikawiri mtengo wogona ndi wochepa, ndipo chakudya chamadzulo cha banja lonse mumawonjezera pang'ono. Musachikane pofuna kusunga ndalama. Ndicho chakudya chabwino koposa cha ulendo wonse: mbale zambiri pakati, nkhumba yokazinga, tofu wa tomato, mphukira za nsungwi, masamba othyoledwa kuseri kwa nyumba, mpunga wa m'munda mwawo, aliyense akutola ndi timitengo.

Kenako pamatuluka botolo la pulasitiki lopanda chizindikiro. Ndi kachasu wa mpunga kapena wa chimanga, wotchezedwa pakhomo, ndipo amathira m'timakapu ting'onoting'ono mobwerezabwereza. Ngati simumwa, nenani msanga, sakukakamizani. Ngati mumamwa, kumbukirani kuti mawa kuli phiri.

M'nyumba muli miyambo yofunika kuilemekeza. Vulani nsapato ngati eni ake avula. Musakhale mofulatira guwa la makolo, limene limakhala pa khoma loyang'anizana ndi chitseko, ndipo musatsamire mzati waukulu wa pakati. Mukaona masamba aawisi atapachikidwa pakhomo la nyumba kapena polowera mudzi, ndiye kuti m'katimo muli mwambo kapena matenda, mlendo salowa. Ana musawasisite pamutu.

Kutacha mutha kupitirira kudutsa m'nkhalango ya nsungwi kupita ku Giàng Tà Chải, kwa a Dao ovala mipango yofiira kumutu, n'kukwera kukafika pamsewu. Apo njinga yamoto ikubwezerani kutauni. Koma ngati masiku alipo, khalani. Kugona masiku atatu ku Tả Van kumadya ndalama zochepa kuposa masiku awiri m'tauni, ndipo kuchokera pamenepo mutha kuyenda mbali iliyonse m'mawa n'kubwerera madzulo. Kumunsi kwenikweni kuli Bản Hồ, kwa a Tày, kotentherako, nyumba zake zoimikidwa pa mizati.

9. Fansipan: kulipira kapena kusiya

Fansipan ndi phiri lalitali koposa ku Vietnam, mamita oposa 3,140, kuposa pang'ono nsonga ya Sapitwa pa Mulanje imene ili mamita 3,002. Kuyambira mu 2016 pali ngolo zoyenda pa chingwe zimene zimakufikitsani kufupi ndi nsonga m'mphindi zosakwana makumi awiri, kenako masitepe mazanamazana kudutsa akachisi ndi chiboliboli chachikulu cha Buddha. Tikiti yake imaposa ndalama ya masiku awiri a kumudzi. Kukwera wapansi kumafuna chilolezo cha nkhalango ya Hoàng Liên ndi wokutsogolerani, tsiku limodzi lolemetsa kapena awiri, ndipo nakonso si kotchipa.

Musagule tikiti dzulo lake. Dzukani, yang'anani kuphiri. Ngati nsonga ikuoneka ndipo thumba likulola, pitani nthawi yomweyo. Ngati yabisika, pamwambapo mukaona nkhungu yokhayokha pa mtengo wa golide.

10. Za njinga yamoto

Kubwereka njinga n'kotchipa, ndipo msewu wopita ku mathithi a Thác Bạc ndi pa mpata wa Ô Quy Hồ ndi wokoma. Koma ku Vietnam amayendetsa kumanja, mapiri ndi okhotakhota, nkhungu imatsika mwadzidzidzi, malole sapatuka. Dzikoli limavomereza laisensi ya mayiko onse ya pangano la 1968 lokha, ndipo ngati mulibe yoyenera, inshuwalansi siikulipirani mukavulala. Ngati simunayendetsepo njinga kwanu, kuno si kophunzirira. Kwerani kabaza, amene kumeneko amati xe ôm, mvanani mtengo wopita ndi kubwera, ndipo valani chipewa choteteza mutu.

Njinga yomweyo ikhoza kukufikitsani ku Tả Phìn, makilomita pafupifupi 12 kuchokera m'tauni, kumene a Dao amawiritsa masamba ndi makungwa a m'nkhalango n'kuthira m'migolo ya matabwa yosambiramo. Miyendo ikatopa ndi matope a m'chigwa, iyi ndi ndalama yowonongedwa bwino. Musakhalitsemo, madziwo amazunguza mutu.

11. Kubwerera kudzera ku Bắc Hà

Konzani kuti tsiku lomaliza likhale Lamlungu. Ku Bắc Hà, ulendo wa maola pafupifupi atatu kuchokera ku Sa Pa, kumakhala msika waukulu wa pa sabata, kumene a Hmong a zovala zamaluwamaluwa amatsika m'mapiri kudzagulitsa njati, akavalo, nkhumba, makasu, nsalu ndi kachasu wa chimanga. Kumalo kwa ziweto ndiye kosangalatsa, amuna atazungulira njati imodzi, akuiyang'ana mano ndi ziboda. Olimba mtima alawe thắng cố, nyama ndi zam'kati za kavalo zowiritsidwa mu chiphika chachikulu. Msika umatentha m'mawa ndipo pofika masana umayamba kuphwasuka, ndiye n'kwanzeru kupitako Loweruka madzulo n'kugona komweko.

Kuchokera ku Bắc Hà musabwererenso ku Sa Pa. Kwerani basi yopita ku Lào Cai, mudye chamadzulo pafupi ndi siteshoni, mukwere sitima ya usiku yobwerera ku Hanoi. Tikiti ya Lamlungu usiku iguleni masiku angapo m'mbuyo, chifukwa a ku Hanoi onse aja amabwerera tsiku lomwelo. Ndipo musaike ndege yanu m'mawa womwe sitima ikufika. Siyani tsiku limodzi pakati, chifukwa mvula ikagumula phiri, msewu ndi njanji zonse zimatha kutsekeka.